Meya wopupuluma ndi mzinda wake wa pakompyuta

Mzinda wanga unali utangopitirira anthu 40,000 pamene tizigaza tinayamba kuonekera pamwamba pa madenga. Poyamba tinali tiwiri kapena titatu, m'dera la nyumba zosanjikizana limene ndinkalinyadira kwambiri chifukwa ndinalikhazikitsa madzulo amodzi okha, koma pasanathe mphindi khumi tinali titafalikira ngati chikuku, moti kulikonse kumene ndinkayang'ana kunali maliro. M'masewera a Cities: Skylines, kachizindikiro kameneka kamatanthauza kuti m'nyumbamo muli mtembo umene ukudikira galimoto yodzaunyamula, ndipo galimotoyo ikachedwa, anthu a m'nyumbamo amatopa n'kusamuka, nyumba n'kusanduka bwinja. Ndinachita zimene munthu wosokonezeka mutu amachita: ndinatsegula manda ena awiri, ndinawonjezera ndalama ku nthambi ya zaumoyo, kenako ndinamanga chipatala china chachikulu, ngakhale kuti chipatala sichingathandize munthu amene watsikira kale kulichete. Ndalama zinatha, tizigaza tinapitiriza kuchuluka, ndipo chiwerengero cha anthu chimene ndinachikweza movutikira kwa masabata atatu chinayamba kutsika ine ndili maso.

Amene sanasewerepo masewera a mtundu umenewu angadabwe kuti munthu wamkulu amathera bwanji usiku wonse akudandaula za mitembo yabodza, choncho ndiyenera kufotokoza kaye mmene amayendera. Mulibe mdani woti mumuwombere, mulibe chigoli, ndiponso palibe nthawi imene sikirini imakuuzani kuti mwapambana. Mumapatsidwa malo opanda kanthu otalika makilomita awiri mulitali ndi awiri mulifupi, ndalama za m'masewerawo zokwana 70,000, komanso msewu waukulu wodutsa chapafupi umene anthu oyamba adzalowere. Ntchito yanu ndi kujambula misewu, kuyala mapaipi a madzi, kukoka mawaya a magetsi, ndi kupaka mitundu m'mbali mwa misewuyo: wobiriwira posonyeza pokhala anthu, wabuluu posonyeza malo a malonda, wachikasu posonyeza mafakitale. Nyumba simumanga ndinu. Inu mumangololeza, ndipo ngati malowo ali ndi madzi, magetsi ndi njira, nyumba zimamera zokha, anthu n'kulowamo, n'kuyamba kupereka msonkho umene umayendetsa china chilichonse. Pansi pa sikirini pali timizere titatu timene timakwera kapena kutsika posonyeza chimene mzinda ukufuna panthawiyo, ndipo wosewera wachilendo amangoyang'ana timizere timeneti ngati kuti ndi malamulo, kamodzi kakakwera iye n'kuthamangira kukapaka mtundu wake.

Mtundu wa masewerawu unayamba mwangozi. Will Wright, akukonza masewera a helikopita yankhondo otchedwa Raid on Bungeling Bay amene anatuluka mu 1984, anazindikira kuti ankasangalala kwambiri ndi kujambula zisumbu ndi misewu ya pamapu kusiyana ndi kuziphulitsa. Maganizo amenewo ndiwo anabala SimCity, koma makampani ogulitsa masewera ankakayikira kuti pangapezeke munthu wogula chinthu chimene sichipambanika, ndipo masewerawo anatuluka mu 1989 kudzera ku kampani ya Maxis imene Wright anayambitsa pamodzi ndi Jeff Braun. Cities: Skylines, amene ine ndimasewera, anabwera mu 2015 kuchokera ku kampani yaing'ono ya Colossal Order ya mumzinda wa Tampere ku Finland, ndipo chimene chimandikopa kwambiri ndi chakuti munthu aliyense woyenda mumsewu ali ndi dzina, kwawo ndi kuntchito kwake. Mukhoza kudina pa munthu mmodzi n'kumutsatira kuchokera pakhomo pake mpaka kumene akupita. Kwa nthawi yaitali ndinkaona ngati zimenezi ndi zokongoletsa chabe.

Mzinda wa tizigazawu sunali woyamba umene ndinausokoneza. Woyamba weniweni ndinaupha ndi madzi, ndipo nkhani yake imandichititsa manyazi chifukwa masewerawa amachenjeza poyera. Mukamaika pampu yopopa madzi pamtsinje, pamadzipo pamaoneka timivi tosonyeza kumene mtsinje ukulowera, kuti paipi yotayira zonyansa za m'zimbudzi muiike kumunsi ndipo pampu ikhale kumtunda. Ine ndinali pa liwiro lofuna kuona nyumba zikumera, ndiye ndinaika zonse ziwiri moyandikana kuti ndipulumutse ndalama za mapaipi, paipi ya zonyansa n'kukhala kumtunda. Palibe chimene chinachitika nthawi yomweyo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Nyumba zinamera, masitolo anatsegulidwa, msonkho unayamba kulowa, ndipo ndinadziona kuti ndine katswiri. Patapita nthawi ndithu, banja lina linadwala, kenako lina, kenako msewu wonse. Ndinamanga kachipatala, n'kumanga kena, ma ambulansi akungoliza masaireni usiku ndi usana, ine n'kumadabwa kuti anthu anga ndi ofooka bwanji. Ndinatulukira vuto nditayandikitsa chithunzi kumtsinje pofuna kungosirira mlatho umene ndinamanga, n'kuona madzi ada bii kuzungulira pampu. Anthu anga ankamwa zonyansa zawo zomwe, ndipo amene ankawamwetsa ndinali ine, ola lathunthu m'mbuyomo, pamene ndinkadzitama kuti ndasunga ndalama.

Chimene ndachiona pa zaka zimene ndakhala ndikusewera n'chakuti masewerawa salanga pompopompo. Cholakwa chimalowa pansi ngati mbewu, n'kudzamera nthawi imene mwaiwala kale kuti munadzala kanthu, ndiponso chimamera kutali ndi pamene munachikwirira. Matenda amaoneka m'nyumba, koma gwero lake lili kumtsinje. Moto umanyeketsa fakitale kum'mawa kwa mzinda, koma chifukwa chake ndi mphambano ina ya kumadzulo pamene galimoto ya ozimitsa moto yapanikizika. Popeza kuti kachizindikiro kamaonekera pamwamba pa nyumba imene ikuvutikayo, dzanja limathamangira pomwepo, n'kuthira ndalama pa chizindikiro m'malo mwa nthenda. Wright anatengako maganizo ena kwa Jay Forrester, katswiri wa pa yunivesite ya MIT amene mu 1969 anatulutsa buku la Urban Dynamics, loyesa kufotokoza mzinda ngati makina a zinthu zokokanakokana, ndipo mfundo yake yodziwika inali yakuti m'zinthu zolukanalukana chonchi, njira yooneka yanzeru poyamba nthawi zambiri ndi imene imakulitsa vuto. Sindinkafunika buku kuti ndivomereze zimenezo, chifukwa zipatala zanga ziwiri za m'mbali mwa mtsinje wakuda zinali zitandiuza kale.

Ndibwerere ku tizigaza. Nditatopa ndi kutaya ndalama, ndinaimitsa nthawi, chinthu chimene ndinkachiona ngati kugonja, n'kudina pa galimoto imodzi yonyamula maliro kuti ndione kumene inkathera tsiku lake. Inatuluka kumanda bwinobwino, inakhota kulowa mumsewu waukulu wopita pakati pa mzinda, kenako inaima. Kutsogolo kwake kunali thiraki ya matabwa, kutsogolo kwa thirakiyo kunali ina ya katundu wa m'masitolo, ndipo mdipitiwo unatalika mpaka kukafika pa maloboti amene anali pafupifupi kilomita yathunthu kuchokera pamenepo. Nditachibweza pang'ono chithunzi ndinawerenga magalimoto a maliro asanu ndi awiri mumzere womwewo, onse opanda kanthu, onse akudikira. Manda atsopano amene ndinatsegula aja anangowonjezera magalimoto ena mumdipiti womwewo. Mzinda sunkasowa manda ngakhale pang'ono, koma unkasowa njira yofikira kwa akufawo.

Koma funso lina linatsalabe, lakuti n'chifukwa chiyani anthu ambiri chotere anamwalira nthawi imodzi popanda mliri. Yankho lake linandipweteka kuposa loyamba, chifukwa linali m'chinthu chomwe ndinkachinyadira chija. Madzulo amene ndinapaka dera lonse lija mtundu wobiriwira kamodzin'kamodzi, anthu zikwizikwi analowa mumzinda tsiku limodzi, ambiri a iwo a misinkhu yofanana. Anagwira ntchito limodzi, anakalamba limodzi, ndipo nthawi yawo itakwana anapitanso limodzi. Osewera anzanga a pa intaneti amalidziwa bwino vuto limeneli, ndipo malangizo awo ndi amodzi, akuti dera latsopano lizitsegulidwa pang'onopang'ono, misewu iwiri kapena itatu nthawi imodzi, kuti mibadwo isakanikirane. Ine ndinali nditawerengapo malangizowo n'kuwanyalanyaza, popeza kamzere kobiriwira kanali katakwera mpaka pamwamba ndipo ndinkafuna kuona nambala ikudumpha. Walira mvula walira matope.

Nkhani ya misewu ndi imene imatha osewera ambiri mphamvu, ndipo nanenso ndinadutsa m'njira imene aliyense amadutsamo. Nditaona mdipiti uja, ndinagumula nyumba za m'mbali n'kukulitsa msewu kuchoka pa mizere inayi kufika pa isanu ndi umodzi. Nditayambitsanso nthawi, ndinaona chinthu chimene chinandiseketsa ndi kundikwiyitsa nthawi imodzi: magalimoto onse anapanikizana mumzere umodzi wa m'mphepete, mizere ina iwiri ya mbali imeneyo ili mbee. Sikuti madalaivalawo anali opusa. Pafupifupi onse ankafuna kukhotera mbali imodzi, kupita ku mafakitale, ndipo khomo lolowera kumeneko linali limodzi lokha. M'masewerawa galimoto imasankha njira yake ikamanyamuka, poyang'ana kufupika kwa mtunda ndi liwiro lololedwa pamsewu, osati kuchuluka kwa anzake amene ali kale panjirayo, choncho msewu wabwino kwambiri umakoka aliyense mpaka utadzaza. Kukulitsa msewu pamene pothera pake pali popapatiza kuli ngati kukulitsa mimba ya botolo n'kusiya khosi lake momwemo.

Zimenezi si za pakompyuta pokha, ndipo nditayamba kuwerenga za mizinda yeniyeni ndinapeza kuti akatswiri anakangana nazo kalekale. Mu 1968 katswiri wa masamu wa ku Germany, Dietrich Braess, anasonyeza kuti nthawi zina kuwonjezera msewu watsopano kumachedwetsa ulendo wa aliyense, ngati dalaivala aliyense akusankha njira yomukomera yekha. Ku Houston, m'dziko la America, msewu wa Katy Freeway unakulitsidwa kwambiri pantchito imene inatha mu 2008, mpaka kukhala umodzi mwa misewu yotambalala kwambiri padziko lonse, koma patangopita zaka zochepa nthawi ya maulendo a m'mawa ndi madzulo inayambanso kutalika, chifukwa msewu wotakasuka umaitana magalimoto amene kale sankadutsamo. Ku Seoul anachita zosiyana: mu 2003 anayamba kugwetsa msewu wam'mwamba umene unaphimba mtsinje wa Cheonggyecheon, ndipo mu 2005 anatsegula mtsinjewo ngati malo oyendamo anthu apansi, mzinda osaima monga ena ankaopera. Ndikanadziwa zimenezi msanga, mwina mabanja amene ndinawagumulira nyumba chifukwa cha mizere iwiri yopanda ntchito akanakhala ali pamalo pawo.

Chimene chinamasula mzinda wanga sichinali chachikulu kapena chokongola. Ndinatsegula khomo lachiwiri lochokera pamsewu waukulu wakunja kulunjika ku mafakitale, kuti mathiraki asamadutsenso pakati pa nyumba za anthu. Ndinachotsa maloboti pa mphambano ija n'kuikapo raundabauti, kenako ndinafafaniza timisewu tiwiri timene tinkalowa pafupi kwambiri ndi mphambanoyo. Ndinajambula njira ya basi yozungulira dera la nyumba zosanjikizana, komanso kanjira ka oyenda pansi kodutsa pamwamba pa msewu kukafika ku masitolo, ndipo ndinadabwa kuona unyinji wa anthu amene anasiya magalimoto awo chifukwa cha kanjira kotsika mtengo kameneko. Chovuta kwambiri pa zonsezi chinali kudikira. Mdipiti sutha nthawi yomwe mwakonza msewu, popeza magalimoto amene ali kale panjira amatsatirabe ulendo umene anasankha ponyamuka, ndipo pamafunika mphindi zingapo kuti muone ngati mankhwala agwira. Mphindi zimenezo dzanja limayabwa, likufuna kugumula china ndi kumanga china, ndipo ukalilekerera sudziwanso kuti mwa zinthu zisanu zimene wasintha chathandiza ndi chiti.

Pali batani lofulumizitsa nthawi, ndipo ndafika pokhulupirira kuti ndilo mdani amene ndinanena kuti masewerawa alibe. Nthawi ikamathamanga ndalama zimalowa msanga, ndipo munthu amamva ngati akuchita bwino, koma mavuto nawonso amakhwima msanga iye akuyang'ana kwina. Msonkho uli chimodzimodzi. Umayambira pa 9 peresenti, ndipo mukhoza kuukweza pang'ono anthu osadandaula, koma mukaupitiriza kwambiri chuma chimaoneka chonona kwa kanthawi, kenako nyumba zimayamba kusiyidwa, n'kupezeka kuti mukutolera zochepa kuposa kale. Ngakhale sukulu, zimene aliyense angati n'zabwino zokhazokha, zili ndi mchira wake. Nditadzaza mzinda ndi masukulu ndi yunivesite, ndinasangalala kuona nyumba zikutukuka ndiponso umbanda ukuchepa, koma m'badwo umenewo utakula mafakitale anga akale anayamba kulira kuti akusowa antchito, ena mpaka kutsekedwa, chifukwa ophunzirawo ankafuna ntchito za m'maofesi zimene ine ndinali ndisanazikonzere malo. Sindinanong'oneze bondo pa masukuluwo, koma ndinayenera kusintha chuma chonse cha mzinda chifukwa cha chisankho chimene ndinachita ana amenewo ali aang'ono.

Ndisanamizire kuti masewerawa ndi galasi loonetsa mzinda weniweni, chifukwa ali ndi maganizo awoawo amene anabisidwa m'masamu ake. Forrester yemwe uja anatsutsidwa kwambiri chifukwa makina ake ankasonyeza kuti kumanga nyumba zotsika mtengo za anthu osauka kumaipitsa mzinda, ndipo otsutsawo ankati zotsatira zotere zinkachokera m'zimene iye mwini anaika m'makinamo poyamba. Stone Librande, amene anatsogolera kamangidwe ka SimCity ya 2013, anavomereza poyera kuti atayeza kukula kwa malo oimikapo magalimoto m'mizinda yeniyeni anaona kuti ndi aakulu kwambiri moti masewerawo akanakhala osasangalatsa, choncho anawachepetsa dala. Ndipo pali nkhani ya Vincent Ocasla, mnyamata wa ku Philippines amene anatha zaka akukonza mzinda wotchedwa Magnasanti mu SimCity 3000, n'kufikitsa anthu 6 miliyoni m'nyumba zothithikana zofanana zokhazokha, mzinda umene pa manambala unali wopambana koma anthu ake sankafika pa ukalamba. Masamu a masewera amayeza zimene anauzidwa kuti ayeze, ndipo chimene sanauzidwe amachiona ngati kulibe.

Chimene amachibisa kwambiri, m'kuona kwanga, ndi katapila, chigalimoto chogumulira nyumba. Kugumula nyumba m'masewerawa kumatenga kudina kamodzi, kafumbi n'kubuka, basi. Palibe wopita kukhoti, palibe wofuna chipukuta misozi, palibe gogo wokana kuchoka pamalo pamene anakulira, ndipo meya sasankhidwa kapena kuchotsedwa ndi mavoti. Mphamvu yotereyi imakoma, ndipo ndimaona kuti imazoloweretsa munthu kuganiza kuti vuto la mizinda ndi anthu amene amatchinga mapulani abwino. Ndikamasewera maola ambiri ndimayamba kuona nyumba ngati timabokosi totchinga mzere wowongoka umene ndikufuna kujambula, ndipo ndimadziwa kuti meya weniweni woganiza motero angakhale munthu woopsa.

Mzinda uja unachira. Tizigaza tinazimiririka, chiwerengero chinatsika kufika cha m'ma 31,000 kenako n'kuyambanso kukwera, ulendo uno pang'onopang'ono chifukwa ndinkatsegula misewu iwiriiwiri. Sabata yatha ndinaganiza zolumikiza dera lakale ndi siteshoni ya sitima imene ndinali nditangomanga, ndipo njira yowongoka inkadutsa pa kanyumba kamodzi kakang'ono ka m'gulu la nyumba zoyamba zenizeni, zimene zinamera mzinda usanakhale ndi sukulu kapena chipatala. Ndisanakagumule ndinadina pa munthu amene ankatuluka pakhomopo. Anali mayi wachikulire wopuma pantchito, ndipo ndinamutsatira akuyenda pansi kudutsa pa kanjira kam'mwamba kaja, n'kudikira basi pamodzi ndi ana asukulu, n'kukatsika pa paki ina yaing'ono imene ndinaiika kalekale pongofuna kukweza mtengo wa malo ndipo ndinali nditaiiwala. Anakhala kumeneko kanthawi, kenako anakwera basi yobwerera. Ndikudziwa bwino lomwe kuti mayiyo ndi manambala chabe m'kompyuta, ndiponso kuti ndikanagumula nyumbayo palibe chimene chikanasintha pa chuma cha mzinda. Komabe msewu wopita kusiteshoni ndinaukhotetsa, unadya ndalama zochulukirapo, ndipo mabasi amachepetsa liwiro akafika pa kona imeneyo.